James Chuma: adanyamula maliro miyezi 9, kumanda sadafikeko

Sabata yatha ndidaima pa Mponela kudikira galimoto ya ku Ntchisi. Pafupi nane padali mnyamata wina, maso ali pafoni, akuseka yekha mpaka kugwira m'mimba. Nditasuzumira ndidaona kamnyamata kachikuda ka masaya onenepa kakuyankha mzungu wachikulire moseketsa, m'nyumba ya mipando ya wofuwofu. Ndidalizindikira sewerolo. Ndi Diff'rent Strokes, la ku America, lomwe lidayamba kuonetsedwa pa kanema mu 1978 n'kutha mu 1986. Tizidutswa take tikuyendabe pa YouTube ndi pa Facebook mpaka lero.

Nkhani yake njosavuta. Mzungu wina wolemera wa ku New York, Phillip Drummond, adali ndi wantchito wa m'nyumba, mayi wachikuda wa ku Harlem. Mayiyo atamwalira, bwanayo adatenga ana ake awiri, Arnold ndi Willis, n'kumawalera pamodzi ndi mwana wake wamkazi. M'gawo lililonse mumabuka vuto, anthu amaseka, ndipo theka la ola lisanathe vutolo latha, onse akukumbatirana.

Ine seweroli limandiseketsa pang'ono chabe, chifukwa moyo umenewo ndidaulawako. Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Bambo anga adali khukhi wa banja lina la azungu ku Lilongwe. Atamwalira ndili ndi zaka 10, banjalo lidanditenga. Lidandilipirira sukulu, lidandiphunzitsa Chingerezi chomwe chikundidyetsa lero, ndipo kukabwera alendo adona ankandionetsa kuti ndine mwana wawo. Koma ndinkagona kuboyizikota. Kontirakiti yawo itatha ndili Fomu 3, adandilipirira fizi mpaka Fomu 4, tidatsanzikana pageti, basi. Nditabwerera kumudzi anzanga ankaseka kagwiridwe kanga ka khasu. Sindiwada anthu aja, ayi ndithu. Koma funso lidatsala: kodi m'nyumba muja ndidali mwana kapena ndani?

Funso limeneli si lachilendo kuno kwathu. Munthu amene adakhala nalo moyo wake wonse ndi James Chuma, uja kusukulu timangomumva dzina lake litaphatikana ndi la Susi ngati kuti ndi munthu mmodzi.

Chuma adabadwa cha m'ma 1850, ndipo adali Myao. Idali nthawi yomwe mwana ankatha kupita kumadzi osabwerako. Ife a kumapiri kuno mbiri imeneyi tikuidziwa. Makolo athu ankathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi poopa nkhondo za Angoni, ndipo ukaima pamwamba pake kutacha bwino maso amafika kunyanja, mbali ya Nkhotakota, komwe a Jumbe ankakweza anthu m'zombo ulendo wa ku Kilwa. Chuma adagwa m'manja mwa ogula anthu ali mwana, kum'mwera kwa dziko lino.

Mu July 1861, David Livingstone ndi amishoni a Universities' Mission to Central Africa adakumana ndi magulu a akapolo kumapiri a Shire. Pamudzi wa Mbame pokha adamasula anthu 84, ndipo m'masiku otsatira adamasulanso ena. Chuma adali mmodzi mwa ana omasulidwa masiku amenewo, ali ndi zaka pafupifupi 11. Mnzake wina adali Wekotani. Poti kwawo kudali kutali ndipo nkhondo idali paliponse, anawo adapita ndi amishoni ku Magomero, m'manja mwa Bishopu Charles Mackenzie. Kumeneko Chuma ankaphunzira, komanso ankatumikira mbusa wina dzina lake Henry Rowley. Taonani, kuyambira tsiku loyamba zinthu ziwirizi zidayendera limodzi: mwana wa mishoni, komanso wantchito.

Nyumba yatsopanoyi sidakhalitse. Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, pomwe Ruo amathira mu Shire. Mishoni idasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, m'kati mwa njala yoopsa. Bishopu watsopano, William Tozer, adaganiza zochoka m'dziko muno, ndipo mu 1864 mishoni idakakhazikika ku Zanzibar. Apa padabuka mkangano: nanga anthu omwe adamasulidwa aja, makamaka amayi ndi ana amasiye, apita kuti? Horace Waller, mmodzi wa amishoniwo, adakana kuwasiya ndipo adatenga ena kupita nawo ku Cape Town. Chuma ndi Wekotani adatengedwa ndi Livingstone. Ine pamenepa ndimakumbukira geti lija la ku Lilongwe. Akuluakulu akasintha pologalamu, mwana wotoledwa amakhala ngati katundu wofunika kumupezera posungira.

Livingstone adali ndi kasitima kotchedwa Lady Nyassa, komwe kadapangidwira kuyenda panyanja yathuyi. Pofuna kukagulitsa, adawoloka nako nyanja yamchere kuchokera ku Zanzibar kupita ku Bombay, mzinda womwe lero ndi Mumbai ku India. Adanyamuka kumapeto kwa April 1864 n'kufika pakati pa June, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. Chuma adali momwemo. Mudalinso Abdullah Susi ndi Amoda, anyamata achikulirepo omwe Livingstone adawalemba ntchito ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Ku Bombay Chuma ndi Wekotani adasiyidwa pasukulu ya Dr John Wilson, mmishoni wa ku Scotland, Livingstone n'kupita kwawo. Atabwerako, mu December 1865, anyamata awiriwo adabatizidwa iye ali pomwepo. Apa mpomwe Chuma adalandira dzina loti James.

Tangoganizani. Pofika zaka 15, mnyamatayu adali atataya makolo, atadutsa m'goli la ukapolo, ataona njala ya ku Chikwawa, atawoloka nyanja, ataphunzira ku India, n'kulandira dzina latsopano. Ambiri a ife pa msinkhu umenewo vuto lathu lalikulu limakhala bandulo.

Mu 1866 Livingstone adayamba ulendo wake womaliza, wofufuza gwero la mtsinje wa Nile, ndipo adatenga anyamata awiriwo. Adatsikira pa Mikindani, n'kutsata mtsinje wa Ruvuma, kudzera kwa Mataka, mpaka kufika kunyanja ya Malawi mu August. Mu September adafika kwa Mponda ku Mangochi. Pamenepo Wekotani adanena kuti wapeza abale ake ndipo akutsala. Livingstone adamulola.

Masiku omwewo, kum'mwera kwa nyanjako, Chuma naye adakumana ndi mayi wina. Mayiyo adayamba wamufunsa dzina la bambo ake ndi mtundu wake, kenaka n'kunena kuti iyeyo ndi azakhali ake. Chuma adakhulupirira nthawi yomweyo. Adapempha Livingstone kuti amupatse nsalu ndi mikanda akapereke kwa mayiyo, adzadule pa malipiro ake. Livingstone, pokayika, adamunyengerera kuti apereke mikanda yochepa. Chuma adawonjezapo supuni yake ndi tizinthu tina tomwe adali nato.

M'mbiri yonse ya Chuma, malo amenewa ndi omwe amandigwira pakhosi. Mwina mayi uja adali kamberembere wongofuna nsalu. Koma taonani njala yomwe idali mwa mnyamatayo. Adali ndi chakudya, zovala, sukulu ndi dzina lachikhristu, koma munthu atangotchula ubale adali wokonzeka kupereka zonse. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo musaphonye mawu aja oti malipiro. Mwana weniweni sadulidwa malipiro. Chuma adali pa mndandanda wa olipidwa.

Mabuku akale amamujambula Chuma ngati wantchito wokhulupirika yemwe sadatembenukepo. Zoona zake n'zakuti adali munthu ngati ife. Mu 1868, kufupi ndi nyanja ya Mweru, anthu ambiri a Livingstone adakana kupitiriza ulendo, atatopa ndi njala, matope ndi kuyenda kosatha. Chuma ndi Susi adali m'gulu la okanawo. Livingstone adalemba mawu owawa za iwo m'buku lake la tsiku ndi tsiku. Patapita miyezi adabwererana. Ndipo mu 1870, kudziko la Manyema ku Congo, ena onse atamukana, omwe adapita naye adali atatu okha: Susi, Chuma ndi Gardner. Kwa ine kukana kuja sikuchotsa kanthu. Kukusonyeza kuti kukhala kwake pambali pa nkhalambayo pambuyo pake kudali kusankha, osati mantha.

Adali naye ku Nyangwe mu July 1871 pomwe ogula akapolo adapha anthu ambirimbiri pamsika. Adali naye ku Ujiji kumapeto kwa chaka chomwecho pomwe mtolankhani Henry Morton Stanley adawapeza. Adali naye m'madambo a Bangweulu, Livingstone atafooka mpaka kumanyamulidwa pa machira. Kumayambiriro kwa May 1873, Livingstone adamwalira pamudzi wa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia.

Apa mpomwe Chuma, ali ndi zaka pafupifupi 23, adachita chinthu chomwe chidamulowetsa m'mbiri. Bwana wafa. Palibe wowalamula, palibe wowalonjeza kanthu. Akadatha kuika malirowo pomwepo, kugawana katundu, aliyense n'kuona msana wa njira. M'malo mwake gululo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, lidagwirizana zoti mtembo upite kwawo. Mtima ndi zam'kati adazikwirira pansi pa mtengo, ndipo Jacob Wainwright, mnyamata wophunzira kusukulu ya amishoni ku Nasik ku India, adazokota mawu pamtengopo. Thupi adalithira mchere n'kuliyanika padzuwa pafupifupi masabata awiri, n'kulikulunga m'nsalu ndi m'khungwa. Mabuku, mapu ndi zipangizo zonse adazisunga bwinobwino.

Inu mukudziwa mmene timaopera maliro kuno. Ngakhale lero, galimoto yonyamula bokosi ikamadutsa pa Madisi kapena pa Malomo anthu amakhala chete. Nanga kudutsa ndi mtembo wa mlendo m'midzi ya eni, mwezi ndi mwezi? M'malo ena adachita kuubisa kuti uoneke ngati mtolo wa nsalu. Ambiri adadwala, ena adafera m'njira. M'gululo mudalinso amayi, monga Halima ndi Ntaoeka, omwe mayina awo satchulidwa kawirikawiri. Atayandikira Unyanyembe, komwe lero ndi Tabora, Chuma ndiye adatumidwa patsogolo ndi kalata. Kumeneko mu October 1873 adapeza msilikali wa ku Britain, Verney Lovett Cameron, yemwe adatumidwa kudzathandiza Livingstone. Cameron adawalangiza kuti angoika malirowo pompo. Iwo adakana. Mu February 1874 adafika ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamchere, atayenda miyezi 9 ndi makilomita oposa 1,500.

Tsono mverani zomwe zidachitika. Akuluakulu a boma la Britain adalandira mtembo, anthu aja adapatsidwa malipiro awo n'kuuzidwa kuti ntchito yatha. Wopita ndi bokosi ku England adali Jacob Wainwright yekha, yemwe adalowa m'gululo mu 1872, ndipo ulendo wake adalipira ndi a Church Missionary Society. Pa 18 April 1874 Livingstone adaikidwa ku Westminster Abbey ku London, komwe kudaikidwa mafumu ndi anthu otchuka. Chuma, yemwe adadziwana naye kuyambira 1861, kudalibe. Susi kudalibe.

Kwathu kuno, munthu amene wadwazika matenda, wasambitsa mtembo, n'kuunyamula kuchoka kutali, ndiye amakhala kutsogolo pa siwa. Ndiye amafotokoza mmene matenda adayendera. Kumusiya kunja n'kumuuza poyera kuti iwe si wa pabanja pano.

Adapita ku Britain mwambo utatha kale, James Young, mnzake wa Livingstone yemwe adalemera ndi malonda a palafini, atawalipirira. Ndipo adafunika kwambiri. Horace Waller, yemwe uja wa ku Magomero, ankakonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zisindikizidwe, koma masiku omaliza ndi ulendo wa maliro mudalibe m'zolembazo. Chuma ndi Susi ndiwo adafotokoza zonse, mtsinje ndi mtsinje, mudzi ndi mudzi. Pamalo a Young ku Scotland adamanga kanyumba kofanana ndi komwe Livingstone adamwaliriramo. A Royal Geographical Society adawapatsa mamendulo. Pali chithunzi chomwe mutha kuchipeza pa intaneti, chojambulidwa ku Newstead Abbey mu 1874, pomwe Chuma ndi Susi ali pamodzi ndi Waller ndi ana awiri a Livingstone, Agnes ndi Tom, atazinga mapu ndi mabuku. Mukachipeza muchiyang'anitsitse. Muli ana obereka ndi mwana wotola, onse pa chithunzi chimodzi, koma pasadathe chaka wina adali atabwerera ku Zanzibar kukafuna ganyu.

Waller pokonza bukulo adachotsamo mawu owawa aja a mu 1868. Adafuna kuti anthu a ku Britain aone chithunzi chosalala: mzungu woyera mtima ndi anyamata ake okhulupirika. Apa mpomwe ndimaona kuti buku lija ndi sewero la pafoni lija ndi pachibale. Onse amakonda nkhani ya wolemera wachifundo ndi mwana woyamika, yopanda mabala. Ngakhale Gary Coleman, yemwe ankasewera ngati Arnold, moyo wake weniweni sudali wa theka la ola. Iyenso adali mwana woleredwa ndi makolo omutenga ali khanda. Mu 1989 adawasumira pamodzi ndi yemwe ankamuyendetsera chuma pa nkhani ya ndalama zake, khoti lidamupatsa pafupifupi $1.3 miliyoni mu 1993, ndipo adamwalira mu 2010 ali ndi zaka 42.

Gawo la moyo wa Chuma lomwe sitiphunzitsidwa ndi lomwe ine ndimalikonda. Atabwerera, sadakhale pansi kumadikira kuti banja la Livingstone limukumbukire. Adagwira ntchito ndi Bishopu Edward Steere, n'kumutsogolera kwa Mataka mu 1875, ndipo mu 1876 adathandiza kukhazikitsa mudzi wa akapolo omasulidwa ku Masasi, kum'mwera kwa Tanzania. Mwana womasulidwa uja tsopano ankaperekeza anzake omasulidwa kukayamba moyo wina.

Mu 1879 a Royal Geographical Society adatumiza Keith Johnston kukafufuza njira yochokera kugombe kufika kunyanja za Malawi ndi Tanganyika. Kapitawo wamkulu wa gulu la anthu pafupifupi 150 adali Chuma. Johnston adamwalira ndi kamwazi ulendo utangoyamba, ndipo utsogoleri udagwera Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21 yemwe kadali koyamba kuponda mu Africa. Amene ankadziwa kulankhula ndi mafumu, kugawa katundu, kuziziritsa mitima ya onyamula akafuna kuthawa, adali Chuma. Gululo lidafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi, lidafika ku Tanganyika, lidaona nyanja ya Rukwa, n'kubwerera kugombe mu 1880. Thomson yemwe adavomereza poyera kuti Chuma adali msana wa ulendowo, ndipo bungwe lija lidamupatsa mendulo yasiliva ndi lupanga. Mu 1881 adayendanso ndi Thomson kumtsinje wa Ruvuma kukafufuza malasha, atatumidwa ndi Sultan wa ku Zanzibar. Chifuwa chachikulu chidamugwira, ndipo adamwalira ku Zanzibar mu 1882, ali ndi zaka zongopitirira 30 pang'ono.

Ndiye Chuma adali mwana wa Livingstone kapena wantchito wake? Ine ndikuona kuti adali pakati, ndipo pakati pamenepo mpomwe pamapweteka. Livingstone adamuchotsa m'goli, zimenezo n'zosatsutsika. Adamupezera sukulu, n'zoona. Koma padalibe chilichonse chomanga banja kapena boma kuti limuwerengere ngati wawo. Nkhalambayo itangotseka maso, ubale udathera pa tebulo la malipiro.

Mu 2006, Madonna atatenga mwana ku Mchinji, dziko lonse lidatsutsana za azungu otenga ana athu. Koma ana ambiri ochoka m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi sapita ku London. Amapita ku Area 47, ku Area 25, ku Namiwawa, kunyumba za Amalawi anzathu, nthawi zina achibale enieni. Galimoto imafika pamudzi, agogo amauzidwa kuti mwanayu akaphunzira, akakhala ngati wathu. Palibe pepala, palibe mboni kupatula chisangalalo cha tsikulo. Ena amaphunziradi, ndipo mabanja otero Mulungu awadalitse. Ena amabwerako patatha zaka 6 ndi chikwama cha zovala zakutha, opanda ngakhale satifiketi ya Sitandade 8.

Malamulo alipo. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kutenga mwana kuti akhale wako mpaka kalekale kumadzera kukhoti, ndipo pa boma lililonse pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Koma lamulo silifika pakhomo lisanaitanidwe. Amene mumafika ndinu, achinyamata omwe muli ndi mafoni m'manja.

Ngati mng'ono wanu kapena mdzukulu wa agogo anu akutengedwa, funsani mafunso omwe akuluakulu amachita nawo manyazi. Akaphunzira sukulu iti, dzina lake? Azikagona chipinda chiti? Patchuthi azibwera? Mukasamuka, kapena mwini nyumba akamwalira, mwanayu zake zidzakhala bwanji? Tengani nambala, muziimba, ndipo muzilankhula ndi mwanayo, osati adona okha. Amfumu ndi mwinimbumba adziwe. Mwana asataye njira ya kwawo, kuti asadzafike popereka supuni yake kwa mlendo aliyense womutchula kuti mphwanga.

Ndipo ngati inu ndinu a m'nyumba yolandirayo, tadzutsani maso pafonipo. Kamtsikana kakutsuka mbale uko pomwe inu mukuwerenga izi, mumakatchula kuti ndani anzanu akabwera? Pa chithunzi cha Khirisimasi kalipo? Pa ukwati wa achemwali anu kadavala yunifomu ya banja kapena kadali kumaphikiro? Tsiku lotenga mwana aliyense amakhala wachifundo. Ubale umaoneka tsiku lomwe banja lakhala pansi kuwerengana.

Galimoto ya ku Ntchisi itafika tsiku lija, mnyamata wa foni uja adakhala pafupi nane. Ndidamufunsa ngati adamvapo za James Chuma. Adati dzinalo adalimva ku pulayimale, wantchito wa Livingstone. Ndidamuuza kuti alembe dzinalo pa Google aone chithunzi cha ku Newstead chija. Netiweki idavuta m'zitunda, koma tisanafike pa boma chidatseguka, ndipo adakhala nacho chete kwa kanthawi, akuchikulitsa ndi zala.